Anagona kale m'selo chifukwa cha mowa, koma akuyendetsabe ataledzera

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Akuti amuna awo anagwidwa ndi apolisi a mzinda uno, a JMPD, Loweruka lina usiku akuchokera kumowa, anagona m'selo, ndipo khoti linawapeza olakwa. Chaka sichinathe, ayambiranso kupita kumowa ndi galimoto. Akawadzudzula amangoti, "Linali tsoka chabe, tsoka silinunkha," ndipo masiku ano amayamba afunsa anzawo pa WhatsApp komwe kuli rodibuloko. Funso la mayiwa ndi lakuti: ndiwauze chiyani kuti amve?

Mayi, chandidetsa nkhawa kwambiri ndi za WhatsApp zo. Zikusonyeza kuti phunziro limene bambowa anatola m'selo ndi loti azizemba apolisi. Za ngozi sizinawalowe. Ndipo sizodabwitsa. Munthu akafika kunyumba bwinobwino maulendo makumi awiri atamwa, mtima umamuuza kuti ndi katswiri, ndipo usiku umodzi umene anagwidwawo amauwerengera tsoka. Choipa china n'chakuti mowa umayamba kufooketsa nzeru zomwe munthu amadziyezera nazo. Amene akuti "ndili bwino, ndangomwa awiri" ndi mowa womwewo ukumuyankhulitsa.

Awiri ake otani? Mabotolo a 750 ml amene timagula kuno, limodzi limaposa zitini ziwiri za 340 ml. Lamulo la pamsewu la South Africa, National Road Traffic Act la 1996, limati mowa m'magazi usafike 0.05 g pa 100 ml, ndipo kwa oyendetsa ndi PrDP (chilolezo cha oyendetsa galimoto ngati ntchito), monga anyamata athu a Uber ndi Bolt, malire ndi 0.02 g. Botolo lalikulu limodzi likhoza kumufikitsa munthu pamenepo. Khofi, kusamba madzi ozizira, nsima yambiri, zonsezi sizichotsa mowa m'magazi. Chiwindi chimagwira ntchito pa liwiro lake, n'chifukwa chake womwa mpaka 2 koloko usiku akhoza kukhala adakali woledzera m'mawa popita kuntchito.

Awuzeninso kuti kachiwiri sikafanana ndi koyamba. Lamulo lomwelo limati wolakwa koyamba alandidwe laisensi kwa miyezi yosachepera 6, kachiwiri zaka 5, kachitatu zaka 10. Ife obwera tili ndi chinanso: mlanduwo umatuluka pa police clearance, chikalata chimene amachifuna pa mapepala ndi pa ntchito zambiri. Zaka 5 opanda chiwongolero, lendi alipira ndani, nanga ana akumudzi fizi ichokera kuti?

Komabe ndisakunamizeni, manambala paokha sasintha munthu. Mlamu wanga ankawadziwa onsewa. Lamulungu lina m'bandakucha ndinaitanidwa ku Louis Botha Avenue, ndinakapeza galimoto yake itakhwinyata pa mzati wa magetsi, iye atakhala pansi m'mbali mwa msewu akunjenjemera. Pampando wakumbuyo panali kansapato ka mwana wake wamkazi, amene anali atamutsitsa kwa azakhali ake madzulo omwewo. Anakayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kuyambira pamenepo, Loweruka masana asanatuluke amasiya makiyi m'manja mwa mchemwali wanga, ndipo ndalama ya Bolt amaiika padera asanagule botolo loyamba. Chimene chinamuthandiza n'chimenecho: nkhani ya galimoto amaithetsa akadali bwinobwino, chifukwa akafika kumowa ndi makiyi m'thumba, ndithu abwera akuyendetsa.

Inunso yambirani apo. Musakangane nawo usiku atamwa, mungotaya malovu, mwinanso mungavulazidwe. Lankhulani m'mawa, ndipo pempho likhale limodzi: tsiku lomwa, galimoto igone pakhomo. Ngati sakukumverani, itanani munthu amene amamupatsa ulemu, kaya ankhoswe, amalume awo, abusa kapena shehe. Inuyo ndi ana musakwerenso galimoto imeneyo iwo atamwa, ngakhale akwiye bwanji.

Mukaona kuti alonjeza koma akulephera, kapena manja amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako, ndiye kuti vuto lakula kuposa galimoto. Bungwe la SANCA lili ndi malo othandizira anthu ovutika ndi mowa kuno ku Johannesburg, ndipo misonkhano ya Alcoholics Anonymous ndi yaulere. Ulendo woyamba muwaperekeze, ambiri amabwerera pachipata akapita okha.