Boma la ku Stormont likagwa, zipatala ndi sukulu amayendetsa ndani?

Mmodzi mwa owerenga athu, yemwe amakhala ku Belfast, watifunsa pa imelo kuti: "Boma la Northern Ireland likaima, ndani amalipira anamwino ndi aphunzitsi? Nanga malamulo atsopano amachokera kuti?"

Stormont ndi kumene kuli boma ndi Nyumba ya Malamulo ya Northern Ireland. Gwero la kugwa kwa bomali ndi dongosolo la m'Pangano la Good Friday la 1998. Nduna yaikulu ndi wachiwiri wake amasenza udindo umodzi, choncho wina akatula pansi, mnzakeyo naye wachoka. Martin McGuinness, yemwe anali wachiwiri kwa nduna yaikulu, atatula mu Januwale 2017, boma silinabwerere mpaka Januwale 2020. Paul Givan, yemwe anali nduna yaikulu, atachita chimodzimodzi mu Febuluwale 2022, panadutsanso zaka ziwiri.

Zipatala sizitsekedwa ayi. Alembi aakulu a maunduna ndiwo amatsala akuyendetsa zinthu. Ngati bajeti sinavomerezedwe, gawo 59 la lamulo la Northern Ireland Act 1998 limalola mlembi wamkulu wa zachuma kutulutsa ndalama zosaposa 75 pa 100 za bajeti ya chaka chatha, ndipo mwezi wa Julaye ukatha malirewo amakwera kufika pa 95. Taonani pomwe pagona vuto: mtengo wa mankhwala, magetsi ndi mafuta umakhala utakwera, pomwe ndalama zachepa. N'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse la United Kingdom, ya ku Westminster mu London, imakakamizika kuvomereza bajetiyo yokha, monga inachitira mu 2017 ndi 2023.

Chopweteka kwambiri n'chakuti mlembi si nduna. Angathe kupitiriza zimene anazipeza, koma sangayambitse mfundo zatsopano. Mu 2018, pa mlandu wa Buick, khoti linagamula kuti mlembi wamkulu analibe mphamvu zovomereza kumanga fakitale yotenthera zinyalala ku Mallusk popanda nduna. Chaka chomwecho Westminster inakhazikitsa lamulo lowapatsa alembiwa mpata pang'ono, komabe ambiri amachita mantha kukhudza nkhani zikuluzikulu, monga kusintha kagwiridwe ka ntchito m'zipatala. Sitingawadzudzule, pakuti palibe anawavotera. Koma wodwala amene akudikira opaleshoni ya chiuno amangoona mzere ukutalika.

Malamulo atsopano amachokera ku London, ndipo nthawi zambiri amadutsa mothamanga, popanda makomiti a ku Stormont kuwaunika. Mu 2019 aphungu a ku Westminster ndiwo analoleza ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha komanso kusintha lamulo la kuchotsa mimba. Lamulo la kupereka ziwalo za thupi, lotchedwa Dáithí's Law, linadutsa ku Stormont mu 2022, koma ndi Westminster imene inatsegula njira yoti liyambe kugwira ntchito mu 2023. Kumbukirani kuti Northern Ireland ili ndi mipando 18 yokha mwa 650 ya ku Westminster, ndipo aphungu a chipani cha Sinn Féin salowa n'komwe m'nyumbayo.

Pa nkhani ya malipiro, mwezi ukatha anamwino ndi aphunzitsi amalandirabe, koma kukweza malipirowo kumafuna ndalama zoonjezera ndi nduna yoti ivomereze. Izi ndi zomwe zinatulutsa ogwira ntchito m'boma zikwizikwi kukachita sitalaka pa 18 Januwale 2024, patatsala masabata awiri kuti boma libwerere.