Mavitamini amathandiza maso, koma osathamangira mapilitsi

Achimwene, mwafunsa ngati mavitamini amathandiza maso komanso ngati mugule a mapilitsi. Eya, mavitamini amathandizadi mitsempha ya kumbuyo kwa diso ija amati retina, koma ngati mukudya bwino a m'chakudya omwewo akukwanirani, mabotolo mukufuna kugulawo dikirani kaye.

Vitamini A ndi amene amathandiza diso kuona kukayamba mdima, akachepa mumayamba kupunthwa madzulo anzanu akuona bwinobwino. Ali m'chiwindi, mazira, karoti ndi masamba obiriwira, bola muziphika ndi timafuta pang'ono chifukwa popanda mafuta thupi silimutenga bwino. Koma amene anthu amamuiwala ndi B12, uyu amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, m'masamba mulibe, ndipo akasowa nthawi yaitali mtsempha wochoka kudiso kupita ku ubongo umayamba kufooka.

Ndinazionera pa mayi anga, amwa metformin wa shuga zaka zambiri ndiye anayamba kudandaula zoti mitundu ya zinthu ikuoneka yofuwa komanso dzanzi kumapazi, ife tinkangoti ndi ukalamba, atayeza magazi anapeza B12 watsika zedi, kani mankhwala amenewa amamutsitsa. Anawabaya majakisoni nkupezako bwino ndithu. Mowa wambiri nawonso umadya mavitamini a B omwewa, ndangonenako.

Vitamini A wa mapilitsi akachuluka amaononga chiwindi, kwa mayi woyembekezera ndiye zoopsa kwambiri. Ndipo ngati mwayamba kale kuona mwachimbuuzi, kuthwanima ngati mphezi kapena mbali ina ya diso yada, pitani kwa dokotala wa maso lero lomwe akayeze presha ya diso ndi shuga, mtsempha ukafa subwereranso ngakhale mumwe mavitamini otani.