Kuoda katundu pa foni ndi kulipira boost: yankho langa kwa achemwali ofuna kuyamba geni

Achemwali, mwandifunsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngati n'zotheka kuyamba geni ya katundu wakunja osakwera basi, kungotumiza ndalama kwa anthu amene akutsatsa pa Facebook ndi pa Instagram kuti iwowo akutumizireni. Chachiwiri, ngati katunduyo akafika muzilipira boost, kutanthauza kulipira Facebook kapena Instagram kuti ionetse malonda anu kwa anthu ambiri, kuti agulike msanga. Ndikuyankhani ngati munthu amene ana ake amadya ndi kuphunzira ndi geni yomweyi.

Yambani mwadziwa kuti phindu la geni yathu limapezeka pooda. Opita ku Dar es Salaam amadutsa Karonga, n'kuwoloka pa Songwe, kenako Kyela, Mbeya mpaka ku Kariakoo, dera la misika la mu Dar momwemo. Opita ku Joni amatulukira pa Mwanza kapena pa Dedza, kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Ulendo wonsewo timauvutikira chifukwa cha chinthu chimodzi, kukagwira katundu ndi manja. Nsapato umaipinda kuti uone ngati pansi pake anasoka kapena anangomata ndi guluu. Chitenje umachitikita pakona ndi chala chonyowa, uone ngati chikusuluka. Umalowa shopu zingapo usanatulutse ndalama, chifukwa diresi lomwelo limasiyana mtengo kutsogolo kwa msewu ndi m'kati mwa tinjira. Pamtengo woodera umaikapo thiransipoti, malo ogona, onyamula katundu, msonkho wa MRA pachipata, ndi mtengo umene wagulira ndalama zakunja. Chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chomalizachi n'chimene chikutha mipamba ya anthu ambiri. Dola iliyonse imene muli nayo ndi katundu, ndipo musaiwale zimenezi tikafika pa nkhani ya boost.

Tsono za ooda pa foni aja. Mukuona tsamba lokhala ndi zithunzi zowala, zikwama zitandandalikidwa mpaka kudenga, pansi alemba kuti ali ku Kariakoo kapena ku China Mall ya ku Joni ndipo amatumiza ku Malawi sabata iliyonse. Mtengo wake ndi wotsika kuposa umene ife timaodera tili pomwepo. Mukawalembera amayankha nthawi yomweyo, mwaulemu, n'kukuuzani kuti mupitirize pa WhatsApp. Amakutumizirani kavidiyo ka makatoni akukwezedwa m'thiraki ndi zithunzi za mauthenga a makasitomala oyamikira. Kenako akuti thiraki inyamuka mawa, malo atsala ochepa, tumizani theka. Mukatumiza pamabwera risiti yokhala ndi chidindo. Pakapita masiku angapo akuti katundu wagwidwa paboda, onjezerani ya msonkho. Mukaonjezera akuti dalaivala akufuna yamafuta. Tsiku limene mudzanene kuti ndalama zatha, nambala ija siipezekanso, ndipo tsamba lija lasintha dzina, likugulitsa mawigi. Ndaona amayi ena atatenga ndalama kubanki mkhonde n'kuzitaya motere, kenako n'kumabweza ngongole ya katundu amene sanamuone n'komwe. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa amenewo anali anthu olimbikira amene ankangofuna kupulumutsa ndalama ya basi.

Musaganize kuti malonda akakhala ndi mawu akuti Sponsored ndiye kuti alipo amene anawafufuza. Mawuwo amangosonyeza kuti mwiniwake walipira kuti aonekere. Mu November 2025 atolankhani a bungwe la Reuters analemba nkhani yochokera m'zikalata za m'kati mwa kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi Instagram, yosonyeza kuti kampaniyo inkayembekezera kuti pafupifupi 10 peresenti ya ndalama zake za mu 2024, madola pafupifupi 16 biliyoni, zichokera ku malonda achinyengo ndi a katundu woletsedwa. A Meta anayankha kuti chiwerengerocho chinali chongoyerekeza ndiponso chokulirapo. Ngakhale chitakhala theka lake, mbava yolipira imaonekera pa foni yanu mofanana ndi wamalonda woona.

Oodera anzawo oona alipo, ndipo ine ndimagwira nawo ntchito ndikalephera kuyenda. Koma onse ndinayamba ndakhala m'shopu mwawo, kapena anandilozera ndi mnzanga amene walandira katundu wawo kangapo. Mukafuna kuyesa munthu watsopano, muimbireni vidiyo mosamuchenjeza, akuonetseni shopu ndi msewu wapanja, anyamule chinthu chimene mwatchula inuyo. Funsani dzina la basi kapena thiraki imene amatumizira, n'kufunsa kondakitala wake ngati amamudziwa. Onani pa tsamba lake pamene pamasonyeza tsiku limene linatsegulidwa ndi mayina amene linali nawo kale. Oda yoyamba ikhale yaing'ono, yoti ikatayika simugwa nayo. Munthu wokukakamizani kuti mutumize lero lomwe musiyeni, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tibwere ku boost. Imalipidwa kudzera pakhadi la kubanki ndipo imadya ndalama zakunja, zomwe zija mukuzisowa pooda. Mukalipira, foni imakuonetsani manambala osangalatsa: anthu masauzande afikiridwa, mazana akonda, ambirimbiri aonera vidiyo. Koma kufikiridwa kumangotanthauza kuti chithunzi chanu chadutsa pa foni ya munthu, ngakhale chala chake sichinaime. Vidiyo ikangoyenda masekondi ochepa chabe imatha kuwerengedwa kuti yaoneredwa. Mu 2016 a Facebook anavomereza kuti kwa zaka ziwiri ankakuza chiwerengero cha nthawi imene anthu amaonera mavidiyo, ndipo mu 2019 anagwirizana zolipira madola 40 miliyoni kwa otsatsa malonda amene anawasumira. M'miyezi itatu yoyambirira ya 2019 yomweyo anachotsa maakaunti abodza oposa 2 biliyoni. Nawonso a Procter & Gamble, opanga Pampers ndi Ariel amene timanyamula m'mabasimu, mu 2017 anadula madola oposa 100 miliyoni pa zotsatsa za pa intaneti m'miyezi itatu yokha, n'kunena kuti malonda awo sanasinthe kwenikweni. Amenewo ali ndi akatswiri olembedwa ntchito yowerenga ndalama iliyonse, komabe zinawatengera nthawi kuti azindikire. Nanga ife a shopu ya chitseko chimodzi?

Sindikunena kuti boost ndi yachabe nthawi zonse. Pa katundu wodula amene ogula ake ndi ochepa komanso omwazikana, monga madiresi aukwati kapena zipangizo za saluni, imatha kukupezerani munthu amene simukanamupeza. Koma muisankhire mzinda umene mungathe kukaperekako katundu, muisankhire zoti anthu akulembereni uthenga, ndipo muikepo mtengo pachithunzi pomwepo kuti ongofunsa achepe. Kenako tengani kope. Lembani ndalama imene mwalipira, anthu amene alemba, ndi amene atulutsadi ndalama. Phindu la amene agulawo likachepera ndalama ya boost, siyani, kaya ma like achuluka bwanji. Ambiri olemba kuti "zingati?" sabweranso, ndipo kuwayankha kumatha bandulo ndi tsiku lonse.

Chenjeraninso ndi anyamata amene amabwera n'kunena kuti akukwezerani tsamba, akupatsani otsatira 10,000 pa sabata imodzi. Otsatirawo amagulidwa, ndi maakaunti opanda munthu kumbuyo kwake. Mukawatsegula mupeza mayina a kumayiko akutali, opanda chithunzi, oti sadzagula nsapato ku Limbe mpaka kalekale. Choipa china n'chakuti amakwirira makasitomala anu enieni, chifukwa zimene mwaika zimayamba kuonetsedwa kwa anthu osayankha. N'chimodzimodzi ndi masamba otchuka amene amalipiritsa kuti aike malonda anu. Musanalipire, onani malonda a ena amene anaikidwa pamenepo sabata yatha, muwerenge ndemanga zake, ndipo ngati n'kotheka mumufunse mwini malondawo ngati anagulitsako kanthu. Tsamba la otsatira zikwi mazana koma ndemanga zisanu zokha zofanana, ndalama yanu ingopita.

Mukayamba kutsatsa, akuba nawonso amakuonani. Wina adzakutumizirani chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, ati ndalipira, mupatseni katundu wakabaza amene ndamutuma. Wina adzati watumiza ndalama yopitirira mwangozi, mumubwezere yapamwamba. Chithunzi si ndalama, ngakhale uthenga wolowa mu foni yanu ukhoza kukhala wolemba munthu. Onani balansi yanu nokha katundu asanachoke m'manja.

Chimene chimagulitsa katundu wanga kwambiri ndi status ya WhatsApp, chifukwa oiona ndi anthu amene anasunga nambala yanga, anagulapo kale kapena anatumidwa ndi mnzawo. Ndimajambula katundu weniweni pakhonde, kuwala kwa m'mawa, osati zithunzi zotenga kwa ogulitsa, kuti munthu akalandira asanene kuti mtundu wake ndi wina. Ndisananyamuke ndimalengeza tsiku la ulendo, anthu amapereka maoda ndi kachikole, ndipo mbali ina ya katundu imakhala ndi eni ake ndisanawoloke Songwe.

Ngati mpamba wanu sukukwana ulendo wa ku Dar, yambani ndi Kyela kapena Chipata, kumene mungapite n'kubwerako osawononga zambiri. Pitani ndi munthu amene amayenda kale njirayo, akuonetseni shopu, osintha ndalama odalirika ndi mmene amalembetsera katundu pachipata. Pasipoti yanu ikakhala yokonzeka mundiuze, ndikuuzeni tsiku limene gulu lathu likunyamuka.