Za ngwazi ya pakavalo ndi mizinga: yankho kwa achimwene a ku Santhe

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma foni inali itatsala pang'ono kuzima, ndiye ndikuyankha m'mawa uno. Mwati pagulu lanu la masewera a nkhondo a patebulo, aja a zidole za asilikali ndi madayisi ofanana ndi Warhammer, pabuka mkangano. Mnzanu anali ndi ngwazi yokwera kavalo imene imangosesa asilikali anu oyenda pansi ngati ikusenga udzu, inu mwabwezera pogula mizinga 3, ndipo tsopano iye ndi amene akulira kuti ngwazi yake ikumafa mu raundi yoyamba isanasolole n'komwe lupanga. Mukufunsa kuti mukweze mapointi a mzinga, omwe ndi mtengo wougulira m'masewerawa, kapena muchepetse mphamvu za ngwazi.

Musakhudze kaye mapointi. Tiponyereni chithunzi cha tebulo limene mumaseweralo. Ndikhoza kubetcha botolo la Fanta kuti ndi ladazi, lopanda phiri, lopanda nkhalango, mwina kanyumba kamodzi pakona pomwe sipafika munthu.

Ndikunena chonchi chifukwa ifenso kuno kwa Kasungu tinadutsa momwemo. Timasewera pakhonde la kuseri kwa shopu ya mnzathu, pa zitseko ziwiri zakale zomwe timazigoneka pa mabenchi. Zidole zenizeni za pulasitiki tili nazo zochepa, zomwe wina anabwera nazo kuchokera ku Johannesburg. Asilikali ambiri ndi zitsekerero za mabotolo zomatidwa pa katoni, zisanuzisanu pamzere. Mnzathu wina, mphunzitsi wa kufupi ndi Chisemphere, anaumba chinjoka cha dongo la pachulu, mapiko a katoni ya sopo, n'kuchipaka penti yotsala ya mawindo. Chinamutengera milungu iwiri. Loweruka loyamba anachiika patebulo monyadira, ine ndinaponya dayisi, chipolopolo chinadutsa pakati penipeni, chinjoka ndi mwini wake onse m'bokosi. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu munthuyo sanalankhule, anangokwera njinga n'kumapita, thobwa lake lili theka.

Tinamumvera chisoni. Tinagwirizana zofooketsa mzinga, ndipo ine ndi amene ndinalemba lamulolo m'kope. Walira mvula walira matope. Kwa mwezi wathunthu chinjoka chija chinatisandutsa akapolo. Chimauluka n'kutera kumbuyo kwa mzere, kudya osunga mizinga, kenako kumasankha gulu loti chimalize ngati munthu wosankha nthochi pamsika. Tinali titachotsa chinthu chokhacho chomwe chimachiopsa. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti ngwazi ndi mzinga zamangidwa pa goli limodzi, ukakoka ng'ombe ya kumanzere ya kumanja nayo imakhota.

Ndipo musadzione operewera, chifukwa ngakhale olemba malamulo amene amalandira malipiro akulimbana nalo vutoli kwa zaka zoposa 40. Warhammer inatuluka mu 1983, yopangidwa ndi Games Workshop ya ku England. M'zaka za m'ma 1990 ngwazi zinakula mphamvu moti osewera anayapatsa masewerawo dzina lachipongwe lakuti Herohammer, chifukwa munthu mmodzi wokhala pa chilombo, atanyamula zida zamatsenga, amatha kupambana nkhondo yonse asilikali wamba akungoonerera. Mtundu wa malamulo umene unatuluka mu 2000 unaika malire pa kuchuluka kwa ngwazi zomwe munthu angatenge, n'kukakamiza aliyense kukhala ndi magulu a asilikali wamba. Wa mu 2010 unayamba kuwerengera ndi maperesenti, ndipo unati kotala ya mapointi kapena kuposa ipite kwa asilikali wamba. Koma mtundu womwewo unalola osewera kuyeza mtunda ndi tepi asanaombere, ndiye mizinga inayamba kulasa mosaphonyaphonya, okonda zinjoka n'kuzibisa m'makabati. Masewerawo anaimitsidwa mu 2015, anabweranso mu 2024 pansi pa dzina la The Old World, ndipo mkangano wa zinjoka ukadalipo. Ndiye inu a ku Santhe simungauthetse Loweruka limodzi.

Tiyeni tiwerengere pang'ono, chifukwa mkangano wa pakamwa sutha. Nditenga malamulo akale a Warhammer, poti ambiri a ife tinakopera kumeneko. Dayisi la mizinga lili ndi 2, 4, 6, 8, 10 ndi mbali imodzi yoti mzinga wakanika kapena waphulika. Ndiye maulendo 5 pa 6 mzinga umalira bwinobwino. Chipolopolo chikakhudza munthu, chimamuvulaza mukaponya 2 kapena kuposa, kumenenso ndi maulendo 5 pa 6. Kenako mumaponya dayisi kuti muone mabala angati. Ngwazi yofunika mabala 3 kuti ife imafa mukapeza 3, 4, 5 kapena 6. Tiyerekeze kuti mwalunjika bwino ndipo ngwaziyo ilibe chithumwa chodzitetezera. Mukachulukitsa zonsezo mupeza 100 pa 216, kapena kuti pafupifupi 46 pa 100. Ndi mzinga umodzi umenewo. Mizinga yanu itatu ikaloza munthu mmodzi amene waima poyera, mwayi woti afe mu raundi imeneyo ukuposa 8 pa 10. Mnzanuyo sakunama ayi.

Koma taonani zimene zimachitika ngwaziyo ikakhala pakati pa anzake okwera akavalo. Malamulo omwewo ali ndi ndime yotchedwa Look Out Sir, yomwe tanthauzo lake n'lakuti msilikali wina wakuwa kuti bwana bandani, n'kumukankha, chipolopolo n'kugwera iyeyo. Imagwira ntchito ngati gululo lili ndi asilikali wamba osachepera 5, ndipo ngwazi imapulumuka mukaponya 2 kapena kuposa. Mwayi uja wa 46 pa 100 umatsika kufika pafupifupi 8 pa 100. Mizinga itatu pamodzi, pafupifupi 2 pa 10. Sitinasinthe mtengo wa chilichonse, tangosintha pomwe munthuyo waima. Mufunseni mnzanuyo chifukwa chake ngwazi yake imayenda yokha ngati mphongo ya njovu yothamangitsidwa pagulu.

Mbali inayo nayo ili ndi masamu ake, ndipo ndikukayikira kuti mwina pali lamulo lomwe mukulidumpha. Mwati ngwazi imasesa asilikali oyenda pansi. Imawagunda kutsogolo kapena m'mbali? Chifukwa gulu la anthu 20 loima zisanuzisanu limayamba ndewu lili kale ndi mapointi oweruzira wopambana ndewuyo, 3 a mizere yakumbuyo ndi 1 ya mbendera, lisanaphe munthu. Ngwazi yomenya kanayi nthawi zambiri imapha anthu awiri basi. Awiri kulimbana ndi 4, ngwazi yaluza, iponye dayisi kuti tione ngati sithawa. Magulu ambiri amene anaphunzira masewerawa pa YouTube amangowerenga mitembo n'kuiwala mizere ndi mbendera, ndiye n'zosadabwitsa kuti wapakavalo amaoneka ngati sagonjetseka. Lamulo limeneli ndi lomwe limamukakamiza kuzungulira kukafuna m'mbali kapena kumbuyo, ndipo kuzungulirako kumamudyera maraundi awiri mwa maraundi 6 a masewera onse.

Tsopano za tebulo, komwe kuli mutu wa nkhani. Tebulo lovomerezeka ndi mainchi 72 m'litali ndi 48 m'lifupi, magulu awiri amayamba atatalikirana mainchi 24. Mzinga umafika mainchi 48, waukulu 60. Ndiye kuti pa tebulo lopanda kanthu palibe malo amene chipolopolo sichifika. Kavalo amayenda mainchi 7 kapena 8, wouluka amafika 20, munthu wapansi 4 okha. Pa tebulo lomwelo lopanda kanthu palibenso chomwe chingaimitse kavalo. Onse awiri, mzinga ndi ngwazi, amanenepa pa dazi. Amene amavutika ndi oyenda pansi, omwe ndi eni ake masewerawa.

Ife tinakonza ndi zinthu za pabwalo. Zitsononkho zomangidwa ndi ulusi zinakhala malinga. Mapiri tinaumba ndi dongo pa mbale zakale za pulasitiki, lalikulu timalitchula Nguluyanawambe. Nkhalango ndi timitengo touma tobayidwa pa chidutswa cha matiresi, ndipo pali kachigafa ka fodya kopangidwa ndi mapesi komwe aliyense amakalimbirana chifukwa kumbuyo kwake kumabisala kavalo bwinobwino. Timaika zinthu 7 kapena 8, ndipo zitatu ziyenera kukhala chapakati, zazitali moti ukawerama n'kuyang'ana kuchokera pakamwa pa mzinga suona chomwe chili kuseri. Lamulo ndi lakuti chomwe mzinga sukuchiona sungachiombere. Timaika mosinthana, wina chimodzi wina chimodzi, kenako m'pamene timaponya dayisi losankha mbali. Munthu sangadzikonzere munda wabwino asakudziwa kuti alima uti.

Chinjoka chija chinabwerera, ndipo chimakhala ndi moyo mpaka raundi yachinayi kapena yachisanu nthawi zambiri. Koma mwini wake tsopano amaganiza. Amadumpha kuchoka kuseri kwa phiri kupita kuseri kwa chigafa, ndipo nthawi ina amayenera kutulukira poyera, mtima uli m'mwamba. Ine wa mizinga ndimayenera kusankha njira imodzi yoti ndiitseke, sindingatseke zonse. Pamenepo m'pamene pali kukoma, monga pa bawo pamene ukuwerenga nkhomo za mnzako uku akuwerenga zako.

Chachiwiri chomwe chinatithandiza ndi kusintha njira yopambanira. Poyamba timangowerenga kuti wapha zambiri ndani. Pano timaika zitsekerero zitatu zofiira pakati pa tebulo, ngati zitsime, ndipo wopambana ndi amene wagwira zambiri pakutha pa raundi 6. Chitsime chimagwiridwa ndi gulu la asilikali 10 kapena kuposa lokhala ndi mbendera. Ngwazi yokha singagwire, mzinga sungagwire. Mwadzidzidzi munthu wothira theka la mapointi ake pa ngwazi imodzi anayamba kuluza ngakhale wapha zambiri, ndipo wa mizinga itatu wokhala pakona anapeza kuti palibe womutumira kuchitsime. Palibe amene tinamuletsa chilichonse, anthu anasintha okha magulu awo.

Malire timaikabe, koma ochepa. Ngwazi zonse pamodzi zisapose kotala ya mapointi, ndipo mzinga umodzi pa mapointi 1000 aliwonse. Mzinga ukasuntha suombera raundi imeneyo. Osunga mzinga ndi anthu atatu ofooka, asawonjezeredwe mphamvu, chifukwa mankhwala enieni a mzinga ndi kagulu kotchipa ka okwera akavalo opepuka kapena akazitape obisala m'nkhalango. Mnzanuyo ngati alibe kagulu kotero, ayambire pamenepo asanapemphe kusintha malamulo.

Pali chimodzi chomwe tinayesa n'kuchisiya, ndikuchenjezeni. Malamulo akale amati wa mzinga aziyerekeza mtunda ndi maso, atchule mainchi, kenako ayeze. Zimamveka zachilungamo. Koma pagulu pathu pali kalipentala. Munthu ameneyo akayang'ana thabwa amakuuza kutalika kwake osaphonya ndi theka la inchi lomwe. Ife timaponya zipolopolo m'tchire, iye amalasa diso la kavalo. Lamulo lomwe limapatsa mphoto ntchito ya munthu ya masiku onse si labwino, ndiye tinabwerera ku tepi, dayisi n'kumaweruza lokha.

Wina pagulu pano ananenapo kuti mzinga uyenera kupambana basi, chifukwa ndi mmene zimakhalira pa nkhondo yeniyeni. Sakunama kwenikweni. Kuseri kwa Mchinji komweku, mu January 1898, Angoni a Mpezeni otsogozedwa ndi mwana wake Nsingo anakumana ndi asilikali a Britain okhala ndi mfuti za Maxim ndi mizinga, ndipo kulimba mtima sikunathandize. Koma ife sitikulemba mbiri patebulo. Tili ndi zinjoka ndi afiti oponya moto. Ndiponso kunena zoona ambiri a ife kavalo tinangomuona pa TV, chomwe tinakwerapo ndi ngolo ya abulu. Chomwe tikufuna n'choti anthu awiri akhale pansi maola awiri, onse akuona kuti angathe kupambana mpaka kumapeto.

Mukafuna kudziwa ngati malamulo anu ali bwino, sinthanani magulu. Inu mutenge ngwazi, iye atenge mizinga, tebulo lomwelo. Ine nditapatsidwa chinjoka chija ndinachiphetsa mu raundi yachiwiri chifukwa cha phuma, ndipo mphunzitsi uja ndi mizinga yanga anaphulitsa umodzi, wina n'kuuika kuseri kwa phiri komwe sumaona kanthu. Tonse tinachita manyazi, madandaulo ambiri anathera pomwepo. Lembani zotsatira m'kope, masewera 10 musanagamule, ndipo musinthe lamulo limodzi lokha pa nthawi. Ife tinasinthapo atatu tsiku limodzi, zinthu zinasintha ndithu, koma mpaka lero sitidziwa kuti linagwira ntchito ndi liti.

Zonsezi zikalephera, ndiye mukhudze mapointi, pang'onopang'ono, 10 kapena 15 pa mzinga, osati kuwirikiza.

Loweruka likudzali tikusewera kuyambira 2 koloko masana. Mukapeza minibasi yochokera ku Santhe m'mawa, bwerani ndi mnzanuyo, ngwazi yake ndi mizinga yanu yonse itatu, tidzaziyese pa tebulo lathu. Mundilembere ku inbox ndikulozereni malo. Mutengeko madayisi, athu atsala 7, ena anagwera m'ngalande ndipo limodzi mwana wa mwini shopu akukana kunena komwe analiika.