Kodi ndi zoona kuti Constantine ndiye anatisankhira mabuku a m'Baibulo?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina. Akuti anaonera vidiyo pa foni yonena kuti mfumu ya Aroma Constantine ndi imene inasankha mabuku a m'Baibulo ku msonkhano wa ku Nicaea, ena n'kuwaotcha, ndiye pamwamba pa zimenezo aona kuti Baibulo la amuna awo omwe ndi a Katolika lili ndi mabuku 73 pomwe lawo lili ndi 66. Funso lawo: ndiziwerengabe kodi, kapena takhala tikunamizidwa?

Achemwali, imelo yanuyi yandikhudza kwambiri chifukwa njira imeneyi ine ndinadutsamo. Ndili ku koleji, mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi anandiuza nkhani yomweyi ya Constantine, iye anali wowerenga zedi ndipo amayankhula mosajejema, ine ndinakulira m'nyumba ya mapemphero, mavesi ndinkawaloweza pamtima kuyambira ndili wamng'ono koma tsiku limenelo ndinasowa choyankha. Ndinagona osagona. Pa holide ndinapita kwa mkulu wa mpingo wina amene ndinkamulemekeza, ndinafotokoza zonse, iwo anangoti mwana wanga mafunso amenewa ndi a Satana, pita ukapemphere. Basi. Ndinatuluka m'nyumba mwawo ndili ndi maganizo akuti ngati akulu akuthawa funsoli ndiye kuti mnzanga uja akunena zoona. Ku tchalitchi ndinkapitabe, kwaya ndinkaimbabe, koma Baibulo ndinasiya kulitsegula, ndikaliona mtima umangoti ameneli analemba ndi andale. Mayi anga anazindikira kuti china chake chasintha, ankandifunsa kuti kodi ukudwala, ine ndimangoti ayi ndili bwino. Amene sanadutsemo sangamvetse kupweteka kwake, kuimba nyimbo pakamwa pokha mkati mulibe kanthu, komanso palibe womuuza chifukwa ukuopa kuti akuona ngati wagwa.

Chinanditulutsamo si ulaliki ayi. Ndi mabuku a mbiri ya mpingo amene ndinayamba kubwereka ku laibulale, ndipo kunena zoona ndinkawawerenga ndi mkwiyo, kufuna kupeza umboni woti tinapusitsidwa. Zomwe ndinapeza ndi izi. Msonkhano wa ku Nicaea unachitikadi mu 325 ndipo anauitanitsa ndi Constantine, pamenepo vidiyo yanu sikunama. Koma mabishopu aja anakumana pa nkhani ya Arius, wansembe wa ku Alexandria amene ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu analengedwa, kuti inalipo nthawi imene kunalibe Mwana. Anakambirananso za tsiku la Pasaka, n'kukhazikitsa malamulo 20 a kayendetsedwe ka mpingo. Malamulowo alipo mpaka lero, aliyense atha kuwawerenga pa intaneti, ndipo palibe ngakhale limodzi lonena za mndandanda wa mabuku a m'Baibulo. Chimene Constantine anachita pambuyo pake ndi kuuza bishopu Eusebius wa ku Caesarea kuti akonzetse makope 50 a Malemba a matchalitchi a ku Constantinople, likulu lake latsopano. Kukopera mabuku ndi kusankha mabuku ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndiye taganizani izi. Cha m'ma 150, Justin Martyr, mphunzitsi wachikhristu wa ku Rome, analemba kale kuti Lamulungu Akhristu akasonkhana amawerenga zolemba za atumwi ndi za aneneri. Cha m'ma 180, bishopu Irenaeus wa ku Lyon ankanenetsa kuti Mauthenga Abwino ndi anayi, Mateyu, Maliko, Luka ndi Yohane, Constantine asanabadwe n'komwe. Ndipo chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi cha mu 303, pamene mfumu ya Aroma Diocletian inalamula kuti Malemba a Akhristu aperekedwe n'kuotchedwa. Anthu anamangidwa, ena anaphedwa chifukwa chokana kupereka mabuku, ndipo amene anapereka anadzetsa mkangano waukulu ku mpingo wa kumpoto kwa Africa umene unatenga zaka zambirimbiri. Munthu angafere bwanji mabuku amene sanasankhidwe? Ankawadziwa mabuku awo anthu aja.

Koma sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinali myaa, chifukwa bodza lotonthoza limenelo ndi lomwe limagwetsa anthu akadzamva zoona. Mikangano inalipo. Marcion, amene anachotsedwa mu mpingo wa ku Rome cha m'ma 144, anataya Chipangano Chakale chonse n'kutsala ndi Luka wodulidwadulidwa ndi makalata 10 a Paulo. Eusebius yemwe uja analemba poyera kuti Yakobo, Yuda, 2 Petro, 2 Yohane ndi 3 Yohane ena ankawakayikira, Chivumbulutso nachonso ku mipingo ya kum'mawa chinatenga nthawi kuti chilandiridwe ndi onse. Mndandanda wa mabuku 27 ndendende monga tili nawo lero timaupeza m'kalata ya Pasaka ya bishopu Athanasius wa ku Alexandria ya mu 367, Constantine atamwalira kale zaka 30, kenako misonkhano ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 inavomereza omwewo. Ndiye zinayenda pang'onopang'ono, mipingo ikuwerenga, ikufunsana kuti kodi bukuli likuchokera kwa atumwi, kodi likuwerengedwa konsekonse, kodi likugwirizana ndi chikhulupiriro chimene tinalandira. Kwa ine zimenezi sizichotsa Mulungu m'nkhanimo. Mulungu amene anabadwa mwa mkazi n'kukula ngati mwana wina aliyense, angalephere bwanji kugwira ntchito kudzera mwa anthu okangana?

Apa ndiye ndinene zomwe zili mumtima mwanga, ena akwiya koma ndinena. Amene akugwetsa achinyamata si opanga mavidiyo okha ayi. Ndi ifeyo a mu mpingo amene timabisa mbiri ngati ndi chinthu chochititsa manyazi. Munthu amabatizidwa, amakula, amakwatira, amakhala mpaka dikoni osamvapo dzina la Athanasius ngakhale tsiku limodzi, ndiye akadzamva koyamba za Nicaea kuchokera kwa munthu wonyoza, akhulupirira wonyozayo chifukwa ndiye woyamba kumuuza. Mtsogoleri amene amayankha funso la mwana ndi mawu akuti ndi Satana akulakwira mwanayo, ndipo ine sindibweza mawu amenewa. Ngati sukudziwa nena kuti sindikudziwa, tiye tikafufuze limodzi. Tomasi anakayika ndipo Yesu anamuonetsa mabala, sanamuthamangitse. 

Nanga za 73 ndi 66 zija

Chipangano Chatsopano ndi chimodzimodzi, mabuku 27 konse kuwiri. Kusiyana kuli m'Chakale. Akhristu oyamba ambiri ankawerenga Septuagint, Malemba a Ayuda omasuliridwa m'Chigiriki, ndipo limodzi nawo ankawerenganso Tobiti, Yuditi, Nzeru za Solomoni, Sira, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo, omwe mulibe m'Baibulo la Chiheberi. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400, ankakonda mndandanda wa Chiheberi, bishopu Augustine wa nthawi yomweyo ankalandira onse, mukuona kuti nkhaniyi ndi yakale kuposa ma Protestanti. Martin Luther, woyambitsa Chiprotestanti, m'Baibulo lake la mu 1534 sanawataye, anawaika pakati pa zipangano ziwiri n'kunena kuti si ofanana ndi Malemba Oyera koma ndi abwino kuwerenga. Katolika ku msonkhano wa ku Trent mu 1546 inatsimikiza kuti ndi Malemba. Baibulo la Chingelezi la King James la mu 1611 linali nawo, ndipo anayamba kusowa kwambiri pamene British and Foreign Bible Society inasiya kulipira zowasindikiza mu 1826. A Orthodox a ku Ethiopia amawerengera mabuku 81, muli ndi buku la Enoki limene Yuda anagwira mawu ake m'kalata yake. Ndiye amene amati a Katolika anawonjezera, ndi amene amati Luther anang'amba masamba, onse awiri akufupikitsa nkhani kuti apambane mkangano.

Achemwali, werenganibe. Yambani ndi Maliko, mumalize yense osadumpha. Kenako bwerekani Baibulo la bambo a kunyumbako muwerenge Tobiti kapena Sira nokha muone ngati muli choopsa, ndipo malamulo 20 a ku Nicaea aja muwasake pa intaneti, ndi aafupi. Mukafunsa abusa anu n'kukuyankhani ngati momwe anandiyankhira ine, musasiye kufunsa, pezani wina kapena mundilemberenso.