Za tinjerwa ta mnyamata wathu tija, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji uko? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndinauona masana koma ndinali pakati pa anthu. Kuti ndilembe zonsezi zala zingandipweteke, ndiye ndangoti ndilankhule, mumvetsera mukapeza mpata. Enanu a pagulu pano amene nkhaniyi sikukukhudzani mungodumpha.

Ndiye mwati mnyamata wathuyu wakakamira kuti pa Khirisimasi akufuna LEGO, tinjerwa tomangira tija, koma mutaona mitengo mutu wazungulira. Mukufunsa kuti ine ndinkatani pogulira anyamata anga, poti kuno tinafika podzaza chidebe. Eee, ndaseka nditawerenga. Nanenso ulendo woyamba nditaona mtengo ndinabwezera bokosi pashelefu mwaulemu, ndi manja awiri, ngati mwana wa eni ake.

Chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi: musalipire chithunzi cha pabokosi, lipirani njerwa zimene zili mkatimo. Ine ndinaphunzira mowawa. Chaka choyamba ndinatsatira maso a mwana, ndinagula bokosi lalikulu la chombo cha m'filimu ina imene ankaikonda. Tinamanga masiku awiri, kunena zoona womanga kwambiri ndinali ine, iye ankangondipatsira tizidutswa. Titamaliza tinachiika pamwamba pa kabati kuti chisaphwasuke. Nanga chidole chokhala pamwamba pa kabati n'chidole? Patapita milungu itatu chinagwa, tizidutswa mbwee pansi ponse, ndipo mpaka lero palibe amene anachimanganso. Zimene akuseweretsa mpaka pano ndi njerwa wamba, zofiira, zachikasu, zobiriwira, zimene ndinagula pambuyo pake pa ndalama yochepa kwambiri.

Mabokosi otengera mafilimu ndi makatuni otchuka amakwera mtengo chifukwa kampani imalipira eni filimuwo kuti igwiritse ntchito dzina lawo, ndipo ndalamayo imabwerera kwa inu ogula. Chinanso, tizidutswa tambiri ta m'mabokosi amenewo n'topangidwira chinthu chimodzi chokha. Phiko la chombo ndi phiko la chombo basi, mwana sangamangire khoma la nyumba.

Ndiye mukafika posankha, chitani kasamu aka. Pa mabokosi ambiri, kapena pamene alemba zofotokoza ngati mukugula pa intaneti, pamakhala chiwerengero cha tizidutswa. Tengani mtengo, mugawe ndi chiwerengerocho, mupeza kuti kachidutswa kamodzi mukukagula zingati. Chitani zimenezi pa mabokosi atatu kapena anayi, foni muli nayo m'manja. Mudabwa kuona mabokosi awiri a mtengo wofanana, lina lili ndi njerwa zochuluka kuwirikiza linzake. Kukula kwa katoni kusakunamizeni, mkati mwake mpweya umakhala wambiri. Koma kasamu kameneka musakakhulupirire mopitirira, chifukwa mabokosi ena amachulukitsa chiwerengero ndi tizidutswa tating'onoting'ono tokongoletsera, toti mwana akayetsemula tauluka. Muziyang'ananso pachithunzi kuti njerwa zenizeni zomangira zilimo zingati.

Kwa mwana wa zaka 7 ngati wathuyu, funani amene analembedwa kuti Classic. Pali bokosi lachikasu lapulasitiki la tizidutswa 484, ndi lalikulu lake la 790. Mulibe nkhani ya filimu, ndi njerwa za mitundumitundu, mawindo, zitseko, mateyala pang'ono, ndipo bokosilo ndi posungira pomwe. Ngati akufuna ndithu chinthu chooneka, choti akaonetse anzake kuti ndamanga ichi, pali ena olembedwa Creator 3 in 1. Amenewo njerwa zomwezo zimamanga zinthu zitatu zosiyana, amamanga chimodzi, n'kuphwasula, n'kumanga china. Olembedwa 18+ musawayandikire n'komwe, ndi a akuluakulu okonda kukongoletsa pabalaza, ndipo ndi amene amadula koposa.

Mwina muganiza kuti njerwa wamba zimutopetsa msanga. Ayi. Katswiri wina wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anawerengetsa pa kompyuta kuti njerwa 6 zokha, zija za timitu 8 pamwamba, za mtundu umodzi, zingalumikizidwe m'njira 915,103,765. Njerwa 6, achemwali! Nanga 400?

Dikirani kaye, wina akugogoda.

Eya, ndabwera. Ndinali pati? Eee, tsopano pamene pali kupulumutsa ndalama kwenikweni ndi apa: gulani zakale, zimene ana ena anaseweretsa kale. Ndikudziwa mukwinya nkhope, mukuti mphatso ya Khirisimasi ikhale yakale? Tamverani. Kampani ya LEGO ndi ya ku Billund, ku Denmark, anaiyambitsa mu 1932 kalipentala wina dzina lake Ole Kirk Christiansen, poyamba ankapanga zidole zamatabwa. Njerwa ya mmene tikuidziwira leroyi, ya timitu pamwamba ndi timachubu kunsi kwake, kampaniyo inailembetsa mu 1958, ndipo muyeso wake sanausinthe. Njerwa ya nthawi imeneyo ndi yotuluka m'fakitale chaka chino zimagwirana bwinobwino. Pulasitiki yake, imene amaitcha ABS, ndi yolimba kwabasi, simatha wamba. Ndiye njerwa ya zaka 20 ikatsukidwa, mwana sangaisiyanitse ndi yatsopano. Si nsapato iyi yoti imatha chidendene.

Koyamba kufunsa ndi kwa makolo amene ana awo akula. Nyumba zambiri zili ndi chikatoni cha zinthu zimenezi pansi pa bedi, mwini wake ali ku koleji, mayi ake akungosowa kochitaya. Ena amagulitsa pa intaneti poyeza pa sikelo, pa kilogalamu, zosakanikirana, ndipo kumeneko ndiye kotchipa koposa. Palinso msika wa pa intaneti wotchedwa BrickLink, umene kampani ya LEGO yomweyo inaugula mu 2019. Kumeneko mungagule ngakhale kachidutswa kamodzi kamene kasowa, kungoti ndalama yotumizira nthawi zina imaposa ya katunduyo, ndiye ndi kothandiza pokhapokha mukugula zambiri kwa wogulitsa mmodzi.

Pogula zakalezi maso akhale patsogolo. Njerwa yeniyeni ya kampaniyi ili ndi dzina loti LEGO pa kamutu kalikonse, tizilembo tating'ono, muyang'anitsitse pa kuwala. Ngati wogulitsa ali kutali, muuzeni ajambule pafupi, atambasule njerwazo patebulo, asajambule zili m'thumba. Amene akukana kujambula pafupi alipo chimene akubisa. Mukazigwira m'manja, tengani ziwiri muzilumikize. Zizigwirana zolimba koma mwana azitha kuzilekanitsa. Yang'anani mano, ana ambiri amalekanitsa njerwa ndi mano, ndiye zina zimakhala zotafunidwa m'mbali. Zoyera zikakhalitsa padzuwa zimasanduka zachikasu, zimenezo zimagwira ntchito ndithu koma pemphani akuchotsereni mtengo. Ndipo nunkhizani. Ndikunena zoona, nunkhizani. Ine ndinagulapo thumba lina lochokera m'nyumba ya munthu wosuta fodya, ndinatsuka katatu fungo osachoka.

Kutsuka kwake n'kosavuta koma pali polakwitsa. Madzi akhale ofunda chabe, osapitirira madigiri 40, ndi sopo wotsukira mbale pang'ono. Madzi otentha amapinda pulasitiki, ndipo njerwa ikapindika ngakhale pang'ono siigwiranso. Zinyikeni m'beseni, takasani ndi manja, zakuda kwambiri muzipitemo ndi mswachi wakale. Potsukuluza ikani m'sefa, apo ayi tating'onoto tipita ndi madzi. Kenako yalani pa thaulo pamthunzi, padzuwa ayi, muzizitembenuza chifukwa madzi amabisala m'timachubu tija, zimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Zokhala ndi mabatire kapena zomatidwa timapepala musaziviike, ingopukutani.

Mukatero pezani chidebe chabwino cha chivindikiro, thiranimo, kulungani ndi pepala la mphatso. Mwana wa zaka 7 akatsegula n'kuona mulu wa njerwa safunsa risiti.

Ngati mwapeza bokosi lakale lopanda kabuku ka malangizo, musalisiye chifukwa cha chimenecho, m'malo mwake nenererani mtengo. Bokosi lililonse lili ndi nambala yake, ndipo mukailemba pa webusaiti ya kampaniyo kawirikawiri malangizo amapezeka aulere, mwana atha kutsatira pa foni. Palinso webusaiti ina, Rebrickable, imene mukaiuza mabokosi amene muli nawo imakuonetsani zinthu zina zimene mungamange ndi njerwa zomwezo. Anyamata anga tchuthi china chonse anathera pamenepo, ine osatulutsa kalikonse.

Tsopano za makampani ena, poti ndikudziwa mwaona mabokosi ofanana nawo pa theka la mtengo. Chilolezo chimene chinkaletsa ena kupanga njerwa za mtundu umenewu chinatha kalekale, ndiye pali makampani ovomerezeka ndithu amene amapanga zawo zogwirana ndi za LEGO, monga Mega, imene inayambira ku Canada, Cobi ya ku Poland, ndi Sluban ya ku China. Kugula zimenezo si kulakwa. Zosiyana nazo ndi zija zokopera bokosi lonse, chithunzi ndi kalembedwe ka dzina komwe, kuti munthu aziyesa zenizeni. Zoterozo ine ndimazipewa, chifukwa munthu amene wayamba ndi kunama pa katoni sindingamukhulupirire pa pulasitiki imene mwana aiike mkamwa. Ndinagulapo kamodzi thumba lopanda ngakhale dzina la wopanga. Njerwa zina zinali zokhwepa, nyumba ikafika pa mzere wachisanu inkagwa yokha, zina zothina moti chala changa chachikulu chinatupa. Mwana analira, akuyesa kuti wolephera ndi iyeyo. Ndiye ngati mukufuna kuyesa kampani ina, yambani ndi kabokosi kakang'ono, muone kagwiridwe kake. Pamene ine ndimagula za makampani ena mosakayika ndi pa chimbale chafulati chija chomangirapo, chobiriwira kapena chotuwa. Chimenecho ntchito yake ndi kungokhala pansi, palibe chifukwa cholipirira dzina.

Za nthawi yogulira ndinene mwachidule. Masitolo ambiri amatsitsa mitengo kumapeto kwa Novembala, pa Black Friday paja, koma ena amayamba akweza kaye kuti kutsitsako kuoneke kwakukulu. Ndiye bokosi limene mwalikonda lembani mtengo wake lero, mudzayerekeze tsikulo. Sabata yomaliza Khirisimasi isanafike musaidikire, zotchipa zimakhala zitatha, mumangotenga chimene chatsala. Ndipo dziwani kuti kawirikawiri bokosi amalipanga kwa zaka zochepa kenako n'kusiya. Likangosiyidwa, ogulitsa ena amalikweza mtengo chifukwa pali akuluakulu amene amasonkhanitsa zimenezi. Mukaona bokosi laling'ono pa mtengo wodabwitsa, kawirikawiri nkhani yake ndi imeneyo, lisiyeni, mwana alibe nazo ntchito zoti ndi losowa. Ngati mukuitanitsa kuchokera kunja, muwerengere ndalama yotumizira ndi msonkho musanasangalale.

Chimodzi ndikuchenjezeni kwambiri. Nyengo ino pa intaneti pamadzaza zotsatsa zoti sitolo ikutsekedwa, chilichonse chatsika ndi 80 kapena 90 peresenti, zithunzi zokongola, chizindikiro cha kampani chili pomwepo. Ndi akuba amenewo. Mukalipira simulandira kanthu, ndipo manambala a khadi lanu mwawapatsa. LEGO yatsopano simatsika choncho.

Koma achemwali, chimene chandidetsa nkhawa nditawerenga uthenga wanu si ndalama, ndi kamtsikana kathu. Kali ndi zaka 2, ndipo mukudziwa chilichonse kamaponya mkamwa. Mabokosi amenewa amalembedwa kuti si a mwana wosakwana zaka 3, chifukwa tizidutswa tina tingamutsamwitse. Ndiye mkulu wakeyo mumuikire lamulo kuyambira tsiku loyamba: azimangira patebulo, kapena ayale nsalu yaikulu pansi, akamaliza agwire m'makona anayi n'kukhuthulira m'chidebe, chivindikiro n'kutseka, chidebe pamwamba. Zikuthandizani ndi inu nomwe, chifukwa kuponda kanjerwa kameneka usiku wopanda nsapato, ine ndinaitana mayina a makolo onse. Kamtsikanako kakayamba kulirira za mkulu wake, pali zake zotchedwa Duplo, zinayamba mu 1969. Njerwa yake ndi yowirikiza kawiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe, moti singalowe kukhosi. Zatsopano zimadula ukaziwerengera imodziimodzi, koma zakale zimapezeka mosavuta popeza ana amazisiya msanga, ndipo poti ndi zazikulu sizisowasowa. Khumi ndi zingapo zimukwanira. Akadzakula sizitayidwa, njerwa wamba ija ya timitu 8 imakhala bwinobwino pamwamba pa Duplo, ndiye mkulu wakeyo azidzamangira maziko.

Komanso tisagule aliyense kake kakang'ono ngati chaka chatha, mwana n'kukhala ndi tizidole tisanu tosagwirizana. Amene mumafuna kumugulira kanthu pagulu pano, tiponye pamodzi kwa achemwali agule bokosi limodzi la Classic lija. Ine mbali yanga ndi iyi: anyamata anga akula, chidebe chija changokhala. Loweruka ndikhala nawo pansi tisankhe, zina akufuna kusunga, koma theka atha kupereka, ndawafunsa kale avomera. Ndizitsuka ndekha. Mungondiuza ngati mnyamatayo amakonda magalimoto kapena nyumba, kuti ndidziwe ngati ndifunefune mateyala kapena mawindo pansi pa chidebecho. Ndipo foniyi musamvetsere ali pafupi, makutu ake ndikuwadziwa.