Mabampala a HiAce atuwa: kodi mphira yopopera ingathandize?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe. Ali ndi Toyota HiAce ya 2008 yochokera ku Japan, imene amanyamulira katundu wa kugolosale kwawo. Penti wa thupi akadali bwino, koma mabampala, zogwirira zitseko ndi zikopa za magalasi a m'mbali zatuwa mawangamawanga. Amazipaka polishi wa matayala Loweruka lililonse, koma sabata isanathe kutuwa kumakhala kwabwerera. Aona mavidiyo pa YouTube a anthu akupopera Plasti Dip, ndipo akufunsa zinthu zitatu: kodi igwira pa bampala yotere, ikhalitsa bwanji padzuwa lathuli, ndipo kodi n'zoona kuti imasendeka bwinobwino tsiku limene adzafune kugulitsa galimotoyo?

Achimwene, igwira. Koma polishi mukupakayo ndiye mdani wanu woyamba, ndipo pali malo ena pa galimoto yogwira ntchito ngati yanuyo amene sindingakulangizeni kuti muwapopere. Tiyambe ndi chinthu chenichenicho kuti mudziwe chimene mukugula.

Plasti Dip imapangidwa ku Blaine m'chigawo cha Minnesota ku United States, ndipo idayamba kugulitsidwa mu 1972. Sidapangidwire magalimoto. Ntchito yake yoyamba inali yoviikamo zogwirira za mapulayazi ndi zida zina kuti zisamaterere m'manja. Ndi mphira yochita kupanga yomwe aisungunula m'mankhwala ouma msanga. Mukapopera, mankhwalawo amauluka, mphirayo n'kutsala ngati chikopa chofewa pamwamba. Silowerera mu pulasitiki, ndipo silumikizana nayo monga amachitira penti weniweni. Imangokakamira. N'chifukwa chake imatheka kusenda, ndipo n'chifukwa chakenso imamatuka msanga ikapeza malo amafuta. Pali mitundu ina yofanana nayo, monga Peel Coat ya Rust-Oleum ndi Full Dip ya ku Spain, ndipo zonse ndikunena pano zikukhudza mitundu imeneyinso.

Tsono bampala yanu. Mukagwada n'kuyang'ana kuseri kwake mupeza zilembo zodinda, kawirikawiri PP kapena PP+EPDM. Imeneyi ndi pulasitiki yotchedwa polypropylene, nthawi zina yosakaniza ndi mphira pang'ono kuti isamasweke ikagundidwa. Ma HiAce a mtundu wa H200, omwe adayamba kutuluka mu 2004 ndipo ku South Africa amadziwika kuti Quantum, ambiri otsika mtengo amabwera ndi mabampala osapenta. Kuda kwake kuli mu pulasitiki momwemo. Dzuwa likawomba kwa zaka, kachikopa kapamwamba kamapsa n'kusanduka ufa wotuwa. Polishi amangonyowetsa ufawo kuti uoneke wakuda kwa masiku ochepa, sachiritsa kanthu. Choipa chake n'chakuti polishi wa matayala ndi wa dashibodi wambiri amakhala ndi silikoni, mankhwala oterera ngati mafuta, ndipo silikoni amalowa m'timaenje tonse ta pulasitiki yokhakhala ija. Mukapopera mphira pamwamba pake imathawa, imasiya timabowo tozungulira, kapena imaoneka bwino lero koma mwezi wamawa n'kuyamba kutukuka m'mphepete.

Choncho ntchito yaikulu ndi kutsuka, ndipo ndikhalapo pang'ono apa chifukwa anthu ambiri amathamangira chitini chopopera. Siyani polishi kuyambira lero, ndipo padutse milungu iwiri kapena itatu galimoto ikutsukidwa wamba. Auzeninso anyamata a pamalo otsukira magalimoto, chifukwa iwo amapaka osafunsa pofuna kukusangalatsani. Tsiku loti mawa mupopera, tengani madzi ofunda, sopo wamadzi wotsukira mbale ndi bulashi yolimba, mukweche bampala yonse mozungulirazungulira kuti bulashi ifike m'timaenje. Tsukuluzani, bwerezani kachiwiri, mwinanso kachitatu. Musagwiritse shampu ya galimoto yolembedwa kuti ili ndi wakisi, chifukwa ikubwezerani vuto lomwe mukuchotsalo. Kuti mudziwe ngati mwamaliza, wazani madzi oyera. Akamasonkhana timadontho tozungulira pamalo ena pomwe kwina akuyala, pamenepo pakadali mafuta.

Kenako isiyeni iume usiku wonse. Madzi amabisala m'mipata ya pakati pa bampala ndi thupi, kuseri kwa nambala puleti ndi pansi pa nyali, ndipo mphepo ya chitini ikawatulutsa amayenderera pa mphira yonyowa n'kusiya mzere woyera. M'mawa, musanapopere, pukutani ndi kansalu kopanda ubweya konyowetsa isopropyl alcohol, yemwe amapezeka m'mafamase ena ndi kwa okonza mafoni. Mukamusowa, sipiriti amathandiza. Thina ayi, petulo ayi. Sandipepa sifunika kuti mphira igwire. Ingogwiritsani pamene pulasitiki yakalika n'kutuluka timinga, chifukwa mphirayi imatsata mmene pansi palili ndipo sibisa zipsera zakuya.

Ngati mungathe, masulani mabampala. Pa HiAce si ntchito yovuta, ndi mabawuti ochepa ndi timapini ta pulasitiki, ngakhale timapiniti tikakalamba timathyoka, choncho gulanitu tina. Bampala ikakhala pa mabenchi awiri mumatha kupopera mpaka kuseri kwa mphepete, ndipo mphira ikazungulira m'mphepete motero mphepo ndi madzi sizipeza poyambira. Ngati simumasula, phimbani malo aakulu ndi nyuzipepala kapena pulasitiki, kuposa mmene mukuganizira, poti nkhungu yake imauluka patali. Nyali, zonyezimira zofiira za kumbuyo ndi nambala puleti ziphimbidwe ndithu. Mphira yakuda pa chonyezimira ndi ngozi usiku, ndipo ingakuvutitseni pa mayeso a COF, oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Popererani pamthunzi, pamalo opita mphepo koma opanda fumbi. Dzuwa la mu Okutobala likawotcha bampala, mphira imauma isanafike n'komwe pa pulasitiki, ndipo mumapeza pamwamba pokhakhala ngati pathiridwa mchenga. Tsiku la mvula kapena la chiperoni nalonso si labwino, chifukwa chinyezi chimasiya utsiutsi woyera pa mtundu wakuda. M'mawa wa tsiku louma, mame atauma koma kusanatenthe, ndiyo nthawi yabwino. Wazani madzi pansi pabwalo kuti fumbi lisanyamuke. Ndipo ndikupempheni ichi mwaulemu: mankhwala ali m'chitinimo ndi oyaka msanga komanso oipa m'mapapo. Pasakhale mbaula, ndudu kapena wowotcherera zitsulo pafupi. Kansalu kapakamwa ka nthawi ya Covid kaja sikatchinga mpweya wa mankhwala otere. Pezani chigoba chokhala ndi zosefera za malasha, chonga chimene opopera penti amavala, ndipo ana akasewerere kwina.

Ikani zitini m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10, osati otentha, kenako khutchumulani chilichonse mphindi yathunthu. Chitini chofunda chimatulutsa nkhungu yosalala, chozizira chimalavula madontho. Gwirani chitini pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 25, yambani kupopera musanafike pa bampala ndipo siyani mutaidutsa. Koti yoyamba, ndiye kuti ulendo woyamba wopopera, ikhale yopepuka, yoti mtundu wakale uzionekabe pansi. Ntchito yake ndi kupereka pogwira. Dikirani mphindi pafupifupi 30. Makoti otsatira akhale onyowa, onyezimira mukangopopera koma osayenderera, ndipo mzere uliwonse uzikwera theka pa unzake. Muzisintha njira: ulendo uno mopingasa, winawo chotsika, kuti nkhungu ilowe mbali zonse za timaenje tija. Mukamaliza koti iliyonse, tembenuzani chitini chadodolido n'kupopera pang'ono kuti kamlomo kasatsekeke.

Apa ndi pamene pagona funso lanu lachitatu. Kusendeka kwa mphirayi kumadalira kuchindikala kwake. Makoti awiri amada bwino, munthu n'kuganiza kuti wamaliza ndipo wapulumutsa ndalama. Koma chikopa chopyapyala chotere chilibe mphamvu yokokeka. Tsiku lochotsa chimaduka tizidutswa, ndipo mumakhala masana onse mukukanda ndi chikhadabo ngati mukukokota nkhoko mumphika. Makoti asanu kapena asanu ndi imodzi amapanga chikopa chimene chimatanuka n'kusendeka chachikulu. Chochindikalacho ndi chimenenso chimapirira timiyala ta mumsewu. Ndiye ngati ndalama ikukwana zitini zitatu zokha, chitani bampala imodzi moyenera, inayo idikire mwezi wamawa. Zitini za magalamu 311 kapena mamililita 400 sizipita patali. Pa mabampala awiri a HiAce ndi tizinthu tina tija konzekerani zitini 6 mpaka 8, ndipo ndi bwino chimodzi chitsale chokonzera pokalika.

Komabe ndisakunamizeni. Mavidiyo amene mwaona, amene munthu amasenda mphira ndi zala ziwiri akumwetulira, ambiri amajambulidwa pa penti wosalala wa chitseko kapena boneti, ndipo mphirayo imakhala sinakalambe. Pa pulasitiki yokhakhala mphira imalowa m'timaenje n'kugwiritsa. Ikakhala padzuwa zaka zingapo imauma, kutanuka kwake n'kuchepa. Idzachoka, koma ndi khama, ndipo pena mudzafunika mankhwala osungunulira ndi bulashi. Pansi pake mudzapeza bampala yotuwa monga munaisiyira, chifukwa mphira imaphimba koma sikonza. Ngati cholinga ndi kugulitsa galimoto, sindikuona chifukwa chosendera n'komwe; ingomuuzani wogula chimene munapaka.

Za tepi yomatira zophimbira zija: pamene pali mpata weniweni, monga pakati pa bampala ndi thupi, mphira imaduka yokha pampatapo, ndiye mutha kusiya tepi patali pang'ono n'kudzasenda yoonjezerayo ikauma. Pamene palibe mpata, chotsani tepi koti yomaliza ikadali yonyowa, mukuikokera kutali ndi pamene mwapoperapo. Mukadikira kuti iume, tepi idzanyamula mphira yonse. Ikatha ntchito, musakhudze kwa maola 4, ndipo musatsuke kapena kuyenda mumsewu wafumbi mpaka patadutsa tsiku lathunthu. Masiku atatu ndi abwino koposa.

Ikhalitsa bwanji? Pa galimoto yogona m'galaja ndi kutsukidwa pamanja, anthu amaisunga zaka ziwiri kapena zitatu ikuoneka bwino. Yanu imakhala padzuwa tsiku lonse ndipo imanyamula katundu, choncho yembekezerani zochepera, ndipo malo ena atha msanga kuposa ena. Zikopa za magalasi a m'mbali, grille (sefa yolowera mphepo) ya kutsogolo, zizindikiro za Toyota ndi bampala ya kutsogolo zimachita bwino, chifukwa palibe chimene chimazikhula tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa bampala ya kumbuyo ndi nkhani ina. Pamenepo m'pamene makatoni a sopo, matumba a shuga ndi makireti amakwekwerezedwa, m'pamene mnyamata wopakira amaponda ndi nsapato, ndipo chingwe chomangira katundu chimadutsa pomwepo. Mphira ing'ambika sabata yoyamba. Zogwirira zitseko nazonso zimasupuka ndi zikhadabo ndi makiyi. Chopondera cha pachitseko chotsetsereka musachiganizire n'komwe. Mafuta agalimoto nawonso amaisungunula, makamaka petulo, kotero pafupi ndi pothirira mafuta ndi malo oti muwapewe.

Malo okhulika amenewa akufuna penti weniweni wa mabampala. Tsukani chimodzimodzi, pitanipo ndi sandipepa yofewa, poperani pulaima (mankhwala othandiza penti kugwira) ya pulasitiki yopangidwira polypropylene, kenako penti wakuda wa bampala amene amapindika osasweka. Pulaima imeneyi musaidumphe, chifukwa penti wamba sagwira pa PP ndipo amagwa zibenthuzibenthu. Wopenta magalimoto aliyense wodziwa ntchito ali nayo. Mufunseni akuonetseni chitini chake asanayambe. Pamwamba penipeni pa bampala ya kumbuyo mungamate chidutswa cha mphira yochindikala kapena aluminiyamu. Pali enanso amene angakuuzeni kuti muwambe bampala ndi chowotchera cha mpweya kapena lawi la gasi kuti ide. Imadadi pomwepo, koma kutuwa kumabwerera, ndipo kubwerezabwereza kumaumitsa pulasitiki. Sindimalimbikitsa zimenezo.

Ine ndikanakhala inu ndikanagawa ntchito motere: mphira yopopera pa bampala ya kutsogolo, grille ndi magalasi, penti wa bampala kumbuyo ndi pa zogwirira. Kuda kwa ziwirizi kumasiyana pang'ono, koma poti sizili moyandikana, diso silizindikira.

Pogula, kumbukirani kuti zitini zopopera zili m'gulu la katundu woopsa pa ndege, choncho ambiri otumiza maphukusi amazikana, ndipo kuitanitsa pa intaneti kuchokera kunja kungakugwiritseni fuwa la moto. Yambani mwafunsa m'masitolo a penti ndi a zipangizo za magalimoto m'tauni. Zikasowa, n'zosavuta kuzipeza kudzera mwa obwera pamsewu kuchokera ku Johannesburg. Gulani zonse za mtundu umodzi nthawi imodzi, ndipo werengani bwino kuti chalembedwa kuti chimasendeka, chifukwa palinso mphira yopopera ya pansi pa galimoto ndi yomatira madenga, zomwe zikagwira sizichoka. Musanakhudze bampala, poperani makoti asanu pa kachigawo kobisika kuseri kwake, dikirani masiku awiri, kenako yesani kusenda. Kachigawo kameneko kakuuzani ngati silikoni watha komanso mmene mphirayo ikugwirira pa pulasitiki yanu.

Mukamaliza, muzitsuka ndi madzi a sopo ndi kansalu kofewa. Makina otsukira a mphamvu aja asalunjike m'mphepete mwa mphira ali pafupi, ndipo polishi wa matayala asayandikirenso, chifukwa wina amakhala ndi mafuta amene amaifewetsa. Pakakalika, dulani zolendewera ndi lezala, pukutani ndi alcohol, n'kupopera makoti atatu pamalopo ndi chitini munasunga chija. Mphira yatsopano imasungunula pang'ono yakaleyo ndipo ziwirizo zimalumikizana. Mukadzapopera, nditumizireni zithunzi za bampala ya kutsogolo itatha nyengo imodzi ya mvula, makamaka m'mphepete mwa pansi pamene matope ndi timiyala zimamenya.